Tsabola wa Amayi ndi Zinyalala Zanga

Amayi anatsika minibasi pa depoti ya Zomba atasenza chikwama cha zovala, tsache la udzu lili kukhwapa, m'manja muli chitini chakale cha mkaka. M'chitinimo munali kamtengo ka tsabola wa kambuzi, kotalika ngati supuni. Chikwama anandipatsa kuti ndinyamule. Tsache ndi chitini anakaniza.

"Tsache, amayi? Mukuyesa ku Zomba kulibe masache?"

"Alipo," anatero, "koma sakundidziwa."

Bambo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo amayi anatsala okha m'nyumba kumudzi kwathu, cha ku Phalombe. Anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, koma mankhwala ankamwa akakumbukira, ndipo ankakumbukira tsiku lokhalo limene kumunda kulibe ntchito. Tsiku lina anagwa kuseri kwa nkhokwe, n'kugona pomwepo mpaka anawapeza amayi ena odutsa popita kuchitsime. Ine ndi achimwene anga, amene ali kuchikamwini mudzi wina wakutali, tinagwirizana kuti basi zakwana, azikhala kwa ine ku Matawale, kumene chipatala chili pafupi ndiponso pali munthu wowayang'ana pakamwa akamameza mankhwala. Iwo anavomera ulendo koma sanavomere kusamuka. Aliyense wowafunsa ankamuuza kuti akungopita kukacheza, mlendo ndi mame.

Tsabolayo anali mwana wa chitsamba chimene chinali kuseri kwa khitchini kwathu. Bambo sankadya kanthu popanda kambuzi. Ankayenda naye m'thumba la jekete, kuukwati ndi kumaliro komwe, ndipo mbale ikafika ankamutulutsa mwakachetechete ngati chopereka cha kutchalitchi. Bambo atapita chitsambacho chinauma, ndipo kamtengo ka m'chitini kanali kokhako kamene kanamera pansi pake. Madzulo a tsiku lofikalo amayi anakumba kadzenje pafupi ndi khomo lakuseri, n'kuwokera kamtengoko, n'kusamba m'manja. Kenaka anandiitana.

"Iwe, tamvera. Tsabolayu akagwira, ndikhala. Akakana, ndiye kuti dothi la kuno latikana tonse awiri, ndibwerera kwathu. Ndipo usamugwire, ndi wanga."

Ndinaseka, poti kambuzi amamera ngakhale padzala. Ndikanadziwa, ndikanasunga mano anga.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yotayipa mu ofesi ina ya boma, amuna anga akuphunzitsa kusekondale. Nyumba inali ya lendi, koma kuseri kwake kunali kamalo kamene ndinakasandutsa dimba: mabedi a mpiru, repu, matimati ndi anyezi. Vuto linali madzi. Anthu a kwina amaganiza kuti ku Zomba madzi timachita kuwaponda, poti phiri ndi mitsinje yake zili pamutu pathu. Abwere mu Okutobala adzamve mpopi wa ku Matawale ukutsokomola mpweya wokhawokha.

Nzeru yophimbira dothi ndinaitola kuphiri, ndipo ndinalipira ndolo. Chaka china, dzuwa likuswa mtengo, tinakwera phiri ndi anzanga akuntchito kukadya mabanzi pansi pa mitengo ya paini. Tikuseka za abwana athu, ndolo yanga inagwa. Ndinayamba kufukula masamba ouma a paini aja, owonda ngati singano, ndipo pansi pake zala zinakumana ndi dothi lakuda, lozizira, lachinyontho ngati mvula yagwa dzulo. Kumunsi kutauni nthawi imeneyo dothi linali litang'ambika ngati zidendene. Ndolo sindinaipeze, koma Loweruka lotsatira ndinabwererako ndi matumba.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wotolatola. Masamba a paini ndinkatola m'mphepete mwa msewu wa kuphiri, anthu otsika ndi nkhuni akundiyang'ana mwachisoni ngati munthu amene mutu wayamba kumuvuta. Makoko a mtedza ndinkapempha kwa amayi okazinga pamsika, mapesi kwa aliyense amene anachedwa kuwotcha. Zonsezi ndinkayala pamabedi mokhuthala, ndikusiya kampata kuzungulira tsinde kuti lisawole. Madzi amene kale ankauma tsiku lomwelo anayamba kukhalitsa m'dothi, udzu unasiya kumera, ndipo mpiru wanga unkatambasula masamba pamene wa aneba unali utagwada. Ndinkanyada, sindibisa. Mlendo akabwera ndinkamutengera kaye kuseri kwa nyumba kuti apise chala m'dothi asanamwe tiyi.

M'mawa woyamba amayi ali kwathu, tinadzutsidwa ndi tsache. Kwa, kwa, kwa, pansi penipeni pa zenera, kusanayere bwino. Amuna anga anakokera bulangete kumutu. Ine ndinamwetulira, poti phokoso limenelo ndinakula nalo, ndipo ndinapita kuntchito mtima uli m'malo. Pobwerera madzulo ndinaona utsi ndili patali. Ndinati ena akuwotcha zinyalala zawo. Anali amayi, ndipo zinyalalazo zinali zanga.

Dimba lonse linali mbee. Mabedi anali atasesedwa mpaka m'makona, mizere ya tsache itajambulika padothi ngati m'mutu mopesa, mpiru utangoima maliseche. Masamba a paini amene ndinatsika nawo phiri msana ukulira ankafuka pakona pa mpanda. Amayi anali pamkeka, miyendo atatambalala, akudikira kuthokozedwa.

"Amayi, mwatani?"

"Ndakuchotsa manyazi. Mwana wamkazi, wapantchito, wa m'nyumba ya magetsi, kumagona pakati pa dzala! Apongoziwa ndi munthu wopirira."

"Zimene zija si zinyalala! Ndimaphimbira kuti madzi asathawe."

"Madzi ali ndi miyendo? Ine ndalima chibadwire, sindinaonepo ndiwo zofunda bulangete. Ukuitana chiswe, ukuitana njoka. Kapena ndi matipate amenewa, ngakhale zinyalala zapatsidwa ufulu?"

Mtima wanga ndi wapachala, ndipo ndikudziwa kumene ndinautenga. Tinakwezerana mawu mpaka aneba anayamba kuyanika zovala zouma kale kuti amve bwino.

Mlandu unagwera amuna anga. Tsono kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso ndipo sakhala pamkeka umodzi. Choncho woweruza anaima pakhomo la khitchini akuyang'ana mpanda, amayi atatembenukira kukhoma, ine ndili pakati kunyamula mawu a anthu amene ankamvana bwinobwino.

"Auzeni amayi kuti ntchito agwira yabwino, pabwalo pawala."

"Uwauze apongoziwo kuti zikomo, iwo okha ndi amene ali ndi maso m'nyumba muno."

"Koma muwauzenso kuti ndiwo zija timadya tonse, ndipo mwini dimba ali ndi njira zake."

"Uwauze kuti njira zake ndaziona."

Amuna anga anatola kandodo n'kulemba mzere padothi, kuchokera pakona pa bafa mpaka patsinde pa papaya. Mbali iyi ya tsache, mbali iyo ya zophimbira, ndipo aliyense asalowerere mnzake. Tsabola anagwera mbali ya amayi. Pambuyo pake ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiikire kumbuyo. Anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma mphenzi zikakhala ziwiri munthu amagona pansi.

Ndinayambiranso kutola, mabedi anafundanso, ndipo pakhomo pathu panakhala maboma awiri. Amayi lamulo ankalitsatira mwa njira yawo. Tsache silinkadutsa mzere, koma mzerewo unkayenda. Mlungu uliwonse ndinkaupeza wasendera pang'ono kumabedi anga, wowongoka bwino, wolembedwa mwaluso kuposa wa aphunzitsi. Ndinkaufafaniza ndi chidendene n'kuubwezera pamalo pake, osanena kanthu. Iwonso osanena kanthu.

Nkhuku za aneba zinalowa nawo ndale. Zinkabwera kudzapalasa pamabedi, n'kumwazira makoko a mtedza kumbali ya amayi. Amayi ankawatola limodzilimodzi, kuwaika m'lichero, n'kudikira kuti ndibwere kuntchito.

"Alendo ako asochera, alandire."

Tsiku limene chiswe chinapezeka m'mapesi anga, anasangalala ngati chipani chawo chawina. Anaitana amayi a nyumba yoyandikana nafe kuti adzaone ndi maso awo zimene mwana wophunzira amaweta. Ndinachotsa mapesiwo, ndinawaza phulusa, ndipo chiswe chinapita osakhudza mpiru, koma nkhaniyo inakhala. Pa chakudya amayi ankati ndiwo za m'zinyalala zimamveka kafungo, kenaka n'kukankha mbale kuti ndiwaonjezere.

Ngakhale tinkalimbana choncho, miyezi imeneyo inali yabwino. Mankhwala ankamwa, ngakhale monyinyirika. Masaya anayamba kubwerera. Anapeza anzawo kumvano wa amayi a kutchalitchi, ndipo mmodzi wa iwo anali ndi makolo a ku Mozambiki ngati athu, moti akakumana ankacheza m'Chilomwe n'kumaseka zinthu zimene ndikukhulupirira kuti zinali za ine. Koma chikwama chija sichinapite m'kabati. Chinakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo, zipi yake ili yotseka theka.

Kenaka Okutobala anafika ndi ukali wake wonse. Mpopi unayamba kutuluka madzi mwa apo ndi apo, kenaka unangoti zii. Akumwa tinkakatunga kumjigo, kumene mzere wa zigubu unkafika kumsewu, ndipo zochapa tinkapita nazo kumtsinje wa Likangala. Mabedi anga ankamwa madzi otsukira mbale ndi otsukira mpunga, osati tsiku lililonse, koma anapirira. Tsabola wa amayi anali yekha pakati pa bwalo losesedwa, losalala ngati mbale, dzuwa likumuwotcha kumwamba, khoma la nyumba likumubwezera moto kumbali. M'mawa uliwonse amayi ankamuthirira ndi kapu. Pofika nthawi ya tiyi madzi aja anali atapita, pamwamba patauma gwa. Masamba anayamba chikasu, kenaka kuyoyoka, ndipo lililonse logwa amayi ankalisesa nthawi yomweyo.

Ndinaona chinthu china chimene chinandidetsa nkhawa. Tsamba likagwa panja, chovala chimodzi chinkachoka pachingwe cha kuchipinda kwawo n'kulowa m'chikwama.

Ndinayamba ukathyali. M'mawa popita kubafa ndinkabisa masamba a paini m'chitenje, ndipo podutsa pa tsabola ndinkawerama ngati ndikukonza patapata, n'kuwayala mofulumira. Madzulo ndinkapeza pali mbee.

"Mphepo ya ku Zomba ndi yanzeru," anatero amayi tsiku lina, akusankha nyemba osandiyang'ana. "Imanyamula zinyalala n'kudzaziika malo amodzimodzi, mozungulira bwinobwino, n'kusiya kampata pakati. Kwathu mphepo sinapite kusukulu."

Loweruka lina masana ndikuchokera kumsika, ndinawapeza panjira atasenza chigubu chodzaza kuchokera kumjigo. Kuchipatala anali atawaletsa kusenza zolemera. Ankayenda ngati munthu woponda minga, thukuta lili kamukamu, mitsempha ya m'khosi itatupa. Ndinawalanda chigubucho, ndipo titangolowa kumpanda ndinaphulika.

"Mufuna mufere tsabola? Mukumupha ndinu nomwe ndi tsache lanulo! Mukathira madzi, dzuwa limamwa inu musanatembenuke. Taonani mabedi angawa! Mungomuphimbira basi, chavuta n'chiyani?"

Ndinkayembekeza kuti andibwezera, monga mwa masiku onse. Koma anakhala pansi pakhonde, n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kuyang'ana kamtengo kaja, kamene kanatsala ndi masamba owerengeka.

"Bambo ako ndinayamba kuwasesera pabwalo ndili mtsikana," anatero motsitsa mawu. "Sanadzukepo n'kuponda chinyalala, ngakhale tsiku limene ndinali ndi mimba yako yotopa. Lero ndiwaike padzala, kwa eni, anthu akuona?"

Ine ndinkaona tsabola, iwo ankaona pakhomo pa amuna awo. Madzulo omwewo anapempha amuna anga, kudzera mwa ine, kuti atumize uthenga kwa achimwene kuti adzawatenge pakutha pa mwezi.

Ndinachita mantha enieni. Ndinkaona nyumba ija kumudzi, nkhokwe ija, ndi amayi atagona kuseri kwake tsiku limene palibe wopita kuchitsime. Ndinaganiza zokagula tsabola wina pamsika n'kumusinthanitsa, koma amayi ankadziwa nthambi iliyonse ya wawoyo kuposa mmene ankadziwira mayina a zidzukulu. Ndinaganiza zomuthirira mobisa, koma madzi sanali vuto, vuto linali kuwasunga. Amuna anga anandisiya ndizungulire m'nyumba mpaka nditatopa, kenaka anati:

"Asanapite tiwatengere kuphiri. Asakanene kumudzi kuti anakhala ku Zomba miyezi yonseyi phiri akungoliona ngati chithunzi. Koma inu mulonjeze chinthu chimodzi. Kumeneko musakatsegule pakamwa za kuphimbira."

Ndinalonjeza, ngakhale kuti lonjezo lotere kwa ine ndi ngati kuuza mbuzi kuti isayang'ane chimanga.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinabwereka galimoto ya mnzawo wa amuna anga. Amayi anakhala kumbuyo kwenikweni kwa woyendetsa kuti maso asakumane, ndipo amuna anga anapotoza kagalasi kapakati kuti kayang'ane kudenga. Tinakwera phiri choncho, woyendetsa osaona zakumbuyo chifukwa cha ulemu. Pakona iliyonse amayi ankagwira mpando n'kuitana Mulungu, ndipo tikakumana ndi abambo otsika ndi njinga zosenza nkhuni zotalika kuposa iwo eni, ankatseka maso kuwapempherera. Pamwamba ogulitsa zipatso anathamangira galimoto ndi timabasiketi ta sitiroberi ndi mabulosi. Amayi analawa sitiroberi imodzi n'kukwinya nkhope.

"Zowawasa chonchi anthu n'kumagula? Bwemba wangosintha malaya."

Tinaima pansi pa mitengo ya paini, kufupi ndi kumene ndinataya ndolo. Amayi anatsika, n'kuponda masamba aja, ofewa ngati matiresi, n'kuyang'ana uku ndi uku mpaka kumene maso analekezera.

"Phiri lonseli palibe mkazi?"

Amuna anga anatembenukira kumtengo, mapewa akugwedera. Ine ndinaluma mlomo.

Mapazi awo anali atatupa ndi ulendo, choncho anavula nsapato. Koma amayi sangakhale pansi posasesa. Anagwada n'kuyamba kukankha masambawo ndi dzanja kuti akonze pokhala. Anakankha owuma a pamwamba, anakankha oderako a pansi pake, kenaka dzanja linaima. Anatapa dothi, kulifinya, ndipo linagwirana ngati chigumu. Analinunkhiza. Anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe ngakhale kamtambo, n'kuyang'ananso m'manja.

"Kuno mvula imagwa yawoyawo?"

Mawu anali atafika kale pamilomo panga, onse, ndi mitu yake. Amuna anga anatsokomola ngati munthu wotsamwa ndi fupa.

"Kaya," ndinatero. Sindinanenepo mawu olemera ngati amenewo.

Amayi anabwezera dothilo pamalo pake. Kenaka anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita chibadwire: anakokera masamba aja n'kuphimbanso pamene anafukula, n'kupapasa pamwamba. Anakhala pambali pake, mapazi ali m'masamba, akuyang'ana kumunsi kumene tauni inali itaphimbidwa ndi utsi wa chilimwe. Anafunsa kuti kwathu ndi mbali iti. Amuna anga analoza, akuyang'ana kwina, koma kunalibe chooneka. Potsika sanaitane Mulungu ngakhale pakona imodzi, ndipo kunyumba anadya pang'ono n'kukagona msanga.

M'mawa mwake chinandidzutsa ndi bata. Kunja kunali kutayera, atambala atatopa kale kulira, koma pansi pa zenera panalibe kwa, kwa, kwa. Ndinathamangira kuchipinda kwawo, chitenje ndikumangira m'njira. Pabedi panalibe munthu. Chikwama chinalipo. Ndinatsegula chitseko chakuseri ndikuyembekeza kuwapeza atagwa.

Anali atagwada pa tsabola. Tsache lija, lochokera kumudzi, linali litamasulidwa, chingwe chake atachiluma pakamwa. Ankatenga udzu wake pang'onopang'ono n'kumauyala kuzungulira kamtengoko, mitu yonse kuloza mkati, wina pamwamba pa unzake ngati akufolera denga. Pakati anasiya kampata kuzungulira tsinde, ndendende ngati mphepo ya ku Zomba.

"Amayi, mukutani?"

Analavula chingwe. "Ndikutaya tsache. Latha."

"Ndiye mukuphimbiratu apa."

"Ndati ndikutaya. Munthu sataya tsache lake pamene wafuna? Zako zija ndi zinyalala za anthu osadziwika, kaya anapondapo ndani. Ili ndi tsache la pakhomo pa bambo ako. Akulidziwa." Anawongola kaudzu kamene kanapingasa. "Tatenga madzi, usangoti maso tong'o ngati kadzidzi."

Ndinatenga kapu. Ndinathamanga nayo moti theka la madzi linatayikira m'njira, ndipo anandikalipira chifukwa chowononga madzi. Sindinakalipidwepo mokoma choncho.

Udzu wa tsache limodzi si wambiri, koma kamtengonso kanali kakang'ono. Masiku otsatira sitinkakamba za tsabola. Aliyense ankadutsapo ngati sakumuona, kenaka n'kubwerera kudzatenga chinthu chimene sanaiwale. Amuna anga, amene chikwatirire sanasamalepo za dimba, ndinawapeza atanyonyomala pamenepo atavala kale taye. Amayi ankathirira ndi kapu yomwe ija, ndipo madzulo ankapisa chala pansi pa udzu akaganiza kuti palibe akuwaona. Masamba otsala aja anagwabe, kupatula awiri. Kamtengo kanangoima ngati kachitsotso, ndipo chikwama chinali chidakali kuseri kwa chitseko. Ndinayamba kuganiza kuti tachedwa.

Ndiye m'mawa wina, m'mfundo za tinthambi munatuluka timadontho tobiriwira, tating'ono ngati nsabwe. Amayi sanandiitane. Ndinadziwira poti tsiku limenelo anaimba nyimbo ya kumvano akutsuka mbale, mavesi onse.

Achimwene anafika pakutha pa mwezi monga anauzidwira, fumbi lili m'nsidze, atasiya munda wosagalauza. Anamwa madzi, anadya, anapereka moni wa kumudzi konse, kenaka anamenya m'maondo.

"Chabwino amayi, chikwama chili kuti? Tinyamuke kusanatenthe."

Amayi anadzuka n'kuwakodola kuti awatsatire kuseri. Anawaonetsa kamtengo kaja, kamene tsopano kanali ndi timasamba tatsopano tonyezimira, kataima pakati pa kadenga kake ka udzu.

"Ukuona? Wodwala wangoyamba kumene kumwa phala. Ndimusiyire ndani? Mlongo wakoyu? Angamukwirire m'makoko a mtedza tsiku lomwelo."

"Ndiye ine ndavutikiranji ulendo wonsewu?"

"Wabwera kudzandiona. Ndi mlandu kuona mayi ako? Ukadzabweranso unditengere mtondo wanga. Wa kuno ndi wa ana amasanje."

Achimwene anandiyang'ana kuti ndiwathandize. Ine ndinali nditatanganidwa kwambiri ndi kuyang'ana papaya. Anabwerera okha, atanyamula mtolo wa mpiru wa m'zinyalala, umene amayi anawathyolera okha n'kuwauza kuti kumudzi akanene kuti ndi wa m'dimba lathu.

Masiku onsewo pabwalo panali posasesa. Tsache langa lapulasitiki la m'nyumba amayi analiyesa kamodzi n'kuliimika kukhoma, ati limangokanda dothi ngati nkhuku. Masamba a papaya anagwa n'kugona pomwepo, ndipo amayi ankawalambalala akuyang'ana kumwamba. Loweruka ndikutenga basiketi kupita kumsika, anandiitana ali pakhonde.

"Iwe, undigulire tsache. La udzu, lomanga bwino. Uligwedeze kaye, likayoyoka ulisiye."

"Chabwino, amayi."

Ndinali nditafika kale pageti pamene anakuwanso.

"Ugule awiri! Limodzi silifika chaka chamawa."

Ndinaima pamenepo, dzanja lili pageti, osatembenuka, kuopa kuti angaone nkhope yanga n'kundifunsa chimene chandiluma. Kumsika sindinanenerere n'komwe, moti mayi wogulitsa masache anandiyang'ana modabwa.

M'mawa mwake, kusanayere bwino, pansi penipeni pa zenera: kwa, kwa, kwa. Amuna anga anabuula n'kukokera bulangete kumutu. Ine ndinagona chagada, maso ali kudenga, kumvetsera mpaka tsache litafika kumpanda. Lolemba madzulo pobwera kuntchito ndinapeza mzere uja wasenderanso kumabedi anga, wowongoka bwino. Sindinaubweze.